Ku Dedza kuli chiyani kupatula kachewere?

Funso limeneli si langa ayi. Adandifunsa ndi mwana wanga wamkazi wa Folomu 3, tsiku lina madzulo tikudya nsima kunyumba kwathu mu Lilongwe. Aphunzitsi awo adawapatsa ntchito ya patchuthi yoti aliyense alembe za malo akale a kumudzi kwawo. Mnzake wa ku Zomba adali atasankha kale nyumba ya malamulo yakale. Wa ku Nkhotakota adati alemba za mtengo umene David Livingstone adakhala patsinde pake pokambirana ndi Jumbe. Wa ku Karonga ndiye ankachita matama ndi mafupa a chinyama chakalekale chimene chili m'nyumba yawo yosungiramo zamakedzana.

"Nanga ine ndilemba chiyani, adadi? Ku Dedza kuli chiyani kupatula kachewere ndi kuzizira?"

Ndidaseka nawo, koma mbamu idatsika movutikira. Mwanayo sadalakwe. Chibadwire chake, kumudzi ndimapita naye pamaliro pokha: kufika usiku, kuchezera pasiwa, mwambo wa kumanda ukangotha n'kuthamangira minibasi. Chimene amadziwa za kwawo ndi thumba la kachewere limene timabwerako nalo. Choncho sukulu zitatsekera kumapeto kwa Julaye, ndidamuuza kuti atenge majuzi awiri ndi kope, tikazionere tokha.

Kuchoka mu Lilongwe kukafika pa boma la Dedza ndi makilomita pafupifupi 85 pamsewu wa M1. Ukawoloka Diamphwe dziko limayamba kukwera pang'onopang'ono, mapiri amiyala n'kumatulukira pakati pa minda, ndipo anthu m'minibasi amayamba kutseka mawindo popanda wowauza. Tidafika cha m'ma 9 koloko nkhungu isadachoke paphiri. Phiri la Dedza ndi lotalika mamita pafupifupi 2,200, ndipo tauni idakhala m'tsinde mwake, pamamita oposa 1,500. N'chifukwa chake mphepo ya kuno imabaya m'mafupa ngakhale dzuwa likuwala.

Ndivomere msanga kuti amene akufuna malinga amiyala ngati a ku Great Zimbabwe, m'tauni ya Dedza sakawapeza. Tidayenda pansi kuchoka kumsika. Ndidamuonetsa nyumba zanjerwa za nthawi ya atsamunda, zamakonde otakasuka ndi zipupa zochindikala, zina zikugwirabe ntchito ya maofesi, zina malata atachita dzimbiri. Ndidamuonetsa masitolo amene adali a Amwenye, asadachotsedwe m'maboma ndi m'midzi m'zaka za m'ma 1970 n'kuuzidwa kuti azichita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Nsanamira za makonde zikadali zomwe zija, koma m'katimo tsopano muli feteleza, zitenje ndi mayunitsi a foni. Ndidamuuza za sukulu ya sekondale ya boma ya Dedza, imene idatsegulidwa mu 1951 pomwe dziko lonse linkadalira Blantyre Secondary ndi Zomba Catholic, ndi kuti Bingu wa Mutharika ndi mng'ono wake Peter onse adaphunzira pamenepo. Tidadutsanso pa Dedza Pottery, pamene akhala akuumba makapu ndi mbale kuyambira mu 1987.

Za ine mwini ndidamuuza zimene ndidaona ndili mnyamata, nkhondo ya ku Mozambique itafika pachimake. Malire ali pakhomo penipeni, moti kumwera kwa tauniyi msewu wa M1 umayenda m'malire momwemo, kuno Malawi uko Mozambique. Anthu ankabwera usiku, ana kumbuyo, mphika pamutu, ena atakusa mbuzi imodzi. Adakhala nafe zaka, tinkaphunzira nawo ndi kukwatirana nawo, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 ambiri adabwerera.

Mwana uja ankalemba ndithu, koma nkhope yake idali ya munthu amene wapatsidwa ndiwo zopanda mchere. Tili pachiwaya kudikira tchipisi adati, "Komatu zonsezi ndi za dzana, adadi. Agogo adaziona." Adanena zoona, ndipo adandigwira pamene ambiri a ife timapunthwa. Tikafunsidwa mbiri ya malo, timayambira tsiku limene mzungu adafika ndi njerwa, ngati kuti m'mbuyomo mudali mdima wokhawokha.

Masana tidakwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Bembeke. Pamenepa ansembe a White Fathers adamangapo mishoni pothawa kutentha kwa kunyanja, ndipo ndi pamene pali tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Dedza. Episkopi wake woyamba, Ambuye Cornelius Chitsulo, ndiwo adali Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe wa Chikatolika, ndiponso woyamba kukhala episkopi. Koma chimene ndidamutengera mwanayo kumeneko si tchalitchi. Tidapitirira chakum'mawa mpaka pamene dziko lokwera limathera n'kuyamba kutsetsereka. Pansi pathu padayalika chigwa cha Mtakataka, ndipo patali nyanja inkachita ngati lata latsopano padzuwa.

Ndidamulozera kumunsiko. Kumeneko kuli Mua, mishoni imene idayamba mu 1902 m'dziko la Angoni a Kachindamoto, kumene Bambo Claude Boucher, amene anthu adawapatsa mfunda woti Achisale, adayambitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976. Amene sadaonepo zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana zili pamodzi akalowe m'nyumba ya Chamare. Koma kufupi ndi komweko kuli malo ena amene alibe chipata kapena wogulitsa matikiti. Dzina lake ndi Mankhamba.

Mankhamba lidali likulu la a Kalonga, mafumu a ufumu wa Maravi, umene udapatsa dziko lino dzina. Ulamuliro wawo unkafika kutali, mbali zina zimene lero ndi Mozambique ndi Zambia. Katswiri wathu wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, adakumba pamalopo ndipo zimene adapeza adazilemba m'buku limene lidatuluka mu 2020. M'nthaka ya Mankhamba mudatuluka mapale osawerengeka, zitsulo, mkuwa, zidutswa za minyanga ya njovu, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, ngakhale zidutswa za mbale za ku China. Pofika m'zaka za m'ma 1400 anthu adali akukhalapo kale. Tangoganizani, awerengi anzanga: Lilongwe kulibe, Blantyre kulibe, Livingstone agogo ake asadabadwe, mayi wa ku Mtakataka adali atavala mkanda umene udawoloka nyanja pa chombo. Ufumuwo udafooka pang'onopang'ono, ndipo Kalonga Sosola adaphedwa pa nkhondo ndi Ayao m'zaka za m'ma 1860.

"Ndiye mzindawo uli pati?" adafunsa akutong'ola maso.

Ndidamuuza kuti uli pansi pa chimanga. Makolo athu ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, ndipo zomanga zotere mwini wake ndi chiswe. Mzinda wa miyala umadzichitira wokha umboni ngakhale eni ake atatha. Wathu umafuna munthu woti aunenere, ndipo munthuyo akakhala chete, wodutsa amangoona munda.

Dzuwa likupendeka tidabwerera, n'kulowera kumudzi kwathu kufupi ndi nkhalango ya Chongoni, kwa amayi anga aang'ono, aNaphiri, amene ndiwo atsala pa mbumba ya amayi anga. Adatilandira ndi nthungululu, n'kumugwira mwana uja m'mapewa.

"Mkazi mnzanga, wabwera kudzandilanda amuna? Taona kuonda, kutauniko sakukupatsa nsima?"

Usiku tidazungulira mbaula, nyemba zikubwata, mphepo ikulira m'malata. Nditanena kuti m'mawa tikupita ku mapanga a Chencherere, adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adati apita nawo. Ndidawakumbutsa za mawondo awo. Adati mawondo ndi awo. Atatero adayamba kumusimbira mdzukulu wawo za Akafula, anthu aafupi amene makolo athu adawapeza m'dziko lino, osalima, odya nyama, uchi ndi zipatso. Ena amawatcha Abatwa, ena Amwandionerapati, chifukwa amati ukakumana naye ankafunsa kuti, "Mwandionera pati?" Ukayankha kuti pompano, wautsa mkwiyo, pakuti wamunena kufupika. Wanzeru ankayankha kuti ndakuonerani kutali uko, muli kutsika phiri. Nthano imeneyi ndidaimva kambirimbiri ndili mwana, koma sindidaiganizirepo kuti ikunena za anthu enieni amene adakoleza moto m'mapanga amene ine ndinkabisalamo mvula.

Kudacha ndi chisanu pa udzu. Tidapeza galimoto yotifikitsa kufupi ndi sukulu ya zankhalango ya Chongoni, ndipo mnyamata wina wa m'mudzi wapafupi, wozolowera kuperekeza alendo, adatitsogolera. Kamtunda kokwera si kakakulu, koma ndi aNaphiri tidapuma katatu. Mnyamatayo ankalongosola tikuyenda. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula pamiyala, pamtunda wa masikweya kilomita pafupifupi 126, ndipo palibe dera lina pakati pa Africa pamene zojambula zotere zidachulukana chonchi. Mu 2006 bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. M'Malawi muno lidali lachiwiri, kutsatira paki ya Nyanja ya Malawi ku Cape Maclear. Malo amene alendo amapitako kawirikawiri ndi Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Phangalo si dzenje lolowa pansi ayi, koma thanthwe lalikulu lowerama ngati khonde, loti anthu makumi angapo n'kubisalamo mvula osanyowa. Ukangofika suona kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Maso akazolowera, thanthwe limayamba kuyankhula.

Zojambulazo zili mitundu iwiri. Zofiira ndizo zakale kwambiri: mizere, timadontho, zozungulira zina m'kati mwa zinzake, zozilala moti umachita kupendeka mutu kuti uzione. Zimenezi amati adajambula ndi Akafula. J. Desmond Clark adakumba pansi pa thanthwe la kuno mu 1972 napeza zida zamiyala ndi mafupa a anthu. Patapita zaka zambiri, mu 2017, akatswiri atayeza DNA ya mafupa a ku Chencherere pamodzi ndi ena a ku Fingira ndi ku Hora kumpoto, adapeza kuti a kunowa ndi a zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, ndipo magazi a anthu amenewo sakuoneka mwa Amalawi a lero amene adayezedwa. Mtundu wathunthu udakhala m'mapiri ano zaka zikwizikwi n'kuzimirira. Chimene udasiya ndi nthano ya aNaphiri ija ndi mizere yofiirayi basi.

Pamwamba pa zofiirazo pali zoyera, zopakidwa ndi chala ndi dothi loyera. Izi ndiye zathu, za Achewa, ndipo zina zidajambulidwa m'zaka za m'ma 1900 momwemu. Zambiri zimaoneka ngati nyama yoyalidwa chafufumimba, miyendo inayi yotambasuka, mchira pansi, ina ngati buluzi, ina ngati nanzikambe, ina yodzaza madontho. Ofufuza adapeza kuti zojambula za mtundu umenewu zidali za amayi, zophunzitsira anamwali pa chinamwali. Ku Namzeze ndiko kuli zina za nyau, za nthawi imene gule ankabisidwa m'mapiri, Angoni, amishoni ndi atsamunda atamuikira maso. Gule yemweyo UNESCO idamulemekeza mu 2005, chaka chimodzi mapangawa asadalandire ulemu wawo.

Koma pali mtundu wachitatu wa zolemba pathanthwepo umene mabuku a alendo sautchula kwambiri. Maina. Maina a makala, a choko, ena ochita kukanda ndi mwala. Wakuti adafika pano. Wakuti amakonda wakuti. Maina a matimu a mpira, ziphunzitso za m'Baibulo, zaka. Pena mwaye wa moto wa osaka mbewa udadetsa denga. Kunjako mitengo imene inkatchinga dzuwa ndi mvula ikunka ithera m'matumba a makala. Zimene zidapirira zaka mazana ndi zikwi zikufufutika m'nthawi ya moyo wa munthu mmodzi, ndipo ofufutawo si alendo ochokera kunja. Mzungu amalipira ndege kudzaima apa manja ali kumbuyo. Olemba maina ndife eni dera.

Mwana wanga adapsa mtima. "Koma anthu ake ndi otani ochita zimenezi? Alibe nzeru?"

Ine ndidali chete, maso ali kumunsi chakumanja kwa thanthwe, pamene ndidakhala ndikupewa kuyang'ana chifikireni. ANaphiri adali atakhala pamwala akupuma, ndodo ili pamiyendo.

"Afunse bambo akowo," adatero.

Chidali chaka cha 1987, ndili Sitandade 7. Loweruka lina tikudyetsa mbuzi ndi anzanga atatu, mvula idatipeza ndipo tidathawira m'phangamo. Tidakoleza moto, tidaotcha mbatata. Podikira kuti mvula ikate, ndidatola khala n'kulemba dzina langa ndi zilembo zikuluzikulu, n'kuwonjeza chaka. Ndidasankha pamene padali poyera kuti dzina lioneke bwino, ndipo poyerapo padali pamimba pa chimodzi cha zinyama zija. Sindinkadziwa kuti ndi chiyani. Kusukulu tinkaloweza za Vasco da Gama ndi mitsinje ya ku Canada, koma za thanthwe limene lidali mtunda wa ola limodzi kuchokera m'kalasi mwathu sindidamvepo liwu ndi limodzi lomwe. Sindikunena izi podzichotsera mlandu. Dzanja lidali langa.

Ndidamutengera mwanayo pamalopo. Maina a ena adakwera pamwamba pa langa, koma zilembo ziwiri zoyamba ndi nambala 87 zikuonekabe, zotuwa ngati phulusa. Adawerama, adayang'ana, adandiyang'ana ine. Sadanene kanthu, ndipo kukhala chete kwakeko kudandiwawa kuposa mawu.

"Amayi, inu mudadziwa bwanji?" ndidafunsa.

"Amayi ako adabwera kudzatola nkhuni kuno sabata yomweyo. Dzina la mwana wako sungalisowe. Adafika kunyumba kwanga akulira. Iwe udaona ngati akulirira nkhuku imene idagwidwa ndi kabawi."

"Bwanji sadandikalipire?"

"Akadakukalipira ukadafunsa chifukwa. Ndiye akadakuuza chiyani, iwe mwamuna? Agogo ako, amayi athu, adali namkungwi. Amayi awo adabwera nawo kuno ali namwali. Sindikudziwa chala chimene chidapaka pamene udadetsapo, koma chidali chala cha munthu wathu."

Ndidatulutsa kansalu m'thumba, n'kutsegula botolo la madzi. Mnyamata wotiperekeza uja adandigwira mkono msanga.

"Pepani bambo, musayerekeze. Madzi achotsa makala pamodzi ndi dothi loyeralo. Ngakhale kukhudza ndi chala sitilola. Zimenezi amachotsa ndi akatswiri okha, ndi zida zawo."

Ndidabweza kansalu kaja m'thumba. Ndiye kuti dzina langa likhala pamenepo mpaka tsiku limene adzapezeke wodziwa kulichotsa, mwina ine nditapita kale. Zaka zonsezi ndakhala ndikudandaula pagulu kuti Amalawi sitisamala zakale zathu, ndikuloza boma, ndikuloza achinyamata a masiku ano. Pa masiku awiri amene ndidakonza kuti ndimuphunzitse mwana mbiri ya kwawo, sindidakonze zoti mbiriyo ikandipeza ine ndili ndi khala m'manja.

ANaphiri adadzuka ndi ndodo yawo, n'kuyandikira thanthwe. Adaima patsogolo pa chinyama chachikulu cha madontho, mutu uli chopendeka, milomo ikugwedera pang'ono ngati akuwerenga. Kenaka adatembenuka.

"Amuna inu tatsikani. Mukatidikire kumitengo uko. Ndili ndi mawu ndi mkazi mnzangayu."

Mnyamata uja adamwetulira, n'kuyamba kutsika osafunsa. Ndidamutsatira. Tidakakhala pansi pa mtengo wa msuku, mphepo ikuwomba kuchokera ku Mozambique, kumunsi kukuoneka minda ya kachewere ya m'madimba ili biriwiri pakati pa udzu wouma. Adandiuza kuti miyezi ina amaperekeza alendo awiri kapena atatu okha, ndipo Amalawi amene amabwera kawirikawiri ndi ana asukulu. Amayamba wawalanda makala ndi choko asadakwere. Kumtunda kuja kunkamveka mawu a nkhalamba, otsika, osamveka chimene akunena, kenaka kuwomba m'manja kamodzikamodzi, kenaka kuseka kwa anthu awiri.

Padatha pafupifupi ola. Adatsika atagwirana mikono, wamng'ono akuchirikiza wamkulu, kope lili lotseka m'khwapa. Ndidamufunsa ngati tsopano wapeza cholemba.

"Zina ndilemba, zina agogo akuti sizilembedwa."

Tidayenda pang'ono. ANaphiri adaima kuti apume, akuyang'ana kuphiri la Dedza kumene nkhungu idayambanso kusonkhana.

"Nanga za 87 zija, adadi," adatero mwanayo, "ndilembe, kapena mulemba nokha?"